Kuzungulira Ulaya pa sitima mutafika zaka 60: kakonzedwe ka ulendo wa pasi

Ku Ulaya kuli tikiti imodzi yomwe munthu amakwerera sitima za m'mayiko 33, kuyambira ku Portugal mpaka ku Finland, osaima pamzere wogula tikiti pa siteshoni iliyonse. Tikitiyi amaitcha pasi. Pomwe pasi yotchedwa Interrail inkayamba mu 1972 inali ya achinyamata a zaka 21 kutsika m'munsi, aja ogona pabenchi atatsamira chikwama. Lero aliyense amagula, ndipo amene akwanitsa zaka 60 amawachotsera 10 peresenti pa mtengo. Malangizo awa ndi a inu bambo ndi mayi amene mwapuma pantchito ku Britain kapena kwina ku Ulaya, komanso a makolo amene ana akuitanani kukaona zidzukulu ndipo mukufuna kupondako mayiko oyandikana. Ana amene mukukonzera makolo ulendo, muwerengenso bwino, chifukwa zolakwika zambiri zimayambira kwa inu: mumakonza ulendo woyenera miyendo yanu.

Kukhala m'sitima za kumeneko sikutopetsa. Mipando ndi yabwino, chimbudzi chili m'bogi momwemo, mutha kuimirira n'kuwongola miyendo nthawi iliyonse. Chomwe chimamaliza munthu wamkulu ndi kusintha sitima mothamanga, masitepe, sutikesi yolemera, ndi kusamuka hotela m'mawa uliwonse. Pokonza ulendo wonse, muziwerenga zimenezi, osati chiwerengero cha mayiko.

Yambani ndi kudziwa pasi yanu

Mapasi alipo awiri ndipo amagwira ntchito mofanana. Interrail ndi ya anthu okhala ku Ulaya, kuphatikizapo Britain. Eurail, yomwe inayamba mu 1959, ndi ya ochokera kunja kwa Ulaya. Chomwe amayang'ana ndi komwe mumakhala. Mayi wa pasipoti ya Malawi amene amakhala ku Leeds mwalamulo agula Interrail, ndipo ayende ndi chikalata chosonyeza kuti amakhaladi kumeneko. Mchemwali wawo wochokera ku Zomba amene wangobwera kudzacheza agula Eurail. Awiriwa akhoza kukhala mpando umodzi m'sitima popanda vuto.

A Interrail adziwe lamulo limodzi: m'dziko lomwe mumakhala, pasi imagwira ntchito pa masiku awiri okha, lotuluka ndi lobwerera.

Viza isanatuluke musalipire zambiri

Amalawi, anthu a ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa amafunika viza ya Schengen. Viza imodziyi imakulowetsani m'mayiko ambiri, monga France, Germany, Italy, Austria ndi Switzerland, kwa masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse. Mumafunsira ku ofesi ya kazembe wa dziko lomwe mukakhaleko masiku ambiri, ndipo mutha kufunsira kutatsala miyezi 6. Amafuna inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Apa musabise matenda. Ngati muli ndi BP kapena shuga, nenani pogula inshuwalansi, ngakhale mtengo ukwere, chifukwa mukabisa adzakana kulipira tsiku lomwe mwagonekedwa.

Britain sili mu Schengen, Ireland nayonso ayi. Viza yoonera zidzukulu ku Manchester sikufikitsani ku Paris. Ndipo ngati mukuyambira ku Britain n'kudzabwererako, onetsetsani kuti viza ya Britain ikulolani kulowa kachiwiri.

Jambulani njira papepala, muwerenge mausiku

Apa ndi pofunika kukhalapo nthawi yaitali. Tengani pepala, lembani mizinda yomwe mtima ukufuna, kenako fufutani theka. Pa mzinda uliwonse wotsala ikani mausiku atatu, awiri akhale ochepetsetsa. Tsiku loyamba ndi lofika n'kupuma, lachiwiri loona malo, lachitatu lochapa ndi kukhala chabe pabwalo n'kumwa tiyi. Ngati n'kotheka, ulendo wa tsiku limodzi usapitirire maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo musasinthe sitima koposa kawiri. Nyamukani cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa, anthu opita kuntchito atachepa, kuti mukafike kukadali kowala.

Nachi chitsanzo cha milungu iwiri kapena itatu kwa woyambira ku London. Tsiku loyamba loyenda, sitima ya Eurostar kuchoka pa siteshoni ya St Pancras kudutsa pansi pa nyanja, mu ngalande ya makilomita 50 yomwe inatsegulidwa mu 1994, kukafika ku Brussels m'maola awiri, kenako sitima yothamanga ya ICE yopita ku Köln, ku Germany, komwe tchalitchi chachikulu chija chili pakhomo penipeni pa siteshoni. Lachiwiri, kuchoka ku Köln kulowera kumwera mpaka ku Chur, ku Switzerland. Apa samalani: sitima zothamanga kwambiri zimadzera njanji yatsopano ya ku Frankfurt ndipo mtsinje wa Rhine simuuona. Sankhani yodzera ku Koblenz ndi Mainz, mukhale mbali ya kumanzere, muone Rhine akukhota m'munsi mwa minda ya mpesa, nyumba zakale za mafumu zili pamwamba pa zitunda, ndi thanthwe la Loreley tsidya linalo. Imachedwerako pang'ono, koma inu simukuthamangira msonkhano.

Lachitatu, kuchoka ku Chur kukwera mapiri a Alps kukatsikira ku Tirano, ku Italy. Njanji iyi, yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2008, imakwera mpaka mamita 2,253 pa Ospizio Bernina, pomwe madzi oundana amaoneka pafupi ngakhale nyengo yotentha, kenako imatsika mozungulira mpaka kulowa m'misewu ya tauni. Sitima yotchuka ya Bernina Express imafuna kulipirira mpando mwapadera, koma sitima wamba zimadutsa njanji yomweyo ola lililonse ndipo pasi yokha imakwanira. Kusiyana kwake n'kwakuti pa sitima wamba mumasintha panjira. Masiteshoni ake ndi aang'ono ndipo kusinthako sikuvuta, koma ngati mawondo ndi ovuta lipirani, mukhale mpando umodzi mpaka kufika. Lachinayi, Tirano mpaka Milano ndi Venezia (Venice). Lachisanu, Venezia mpaka Wien (Vienna), ku Austria. Masiku oyenda akwana asanu, mayiko asanu ndi limodzi, ndipo palibe tsiku lomwe mwadzuka 4 koloko.

Nyengo yabwino ndi Meyi, Juni ndi Seputembala. Mu Julayi ndi Ogasiti ku Italy ndi ku Spain kumatentha koopsa kwa munthu wa BP, sitima zimadzaza ndipo mahotela amakwera mtengo.

Sankhani mtundu wa pasi, muwerengere ndalama

Pasi ya mayiko onse, Global Pass, ili mitundu iwiri. Ina mumasankha masiku: 4, 5 kapena 7 m'mwezi umodzi, kapena 10 kapena 15 m'miyezi iwiri. Ina ndi yamasiku otsatizana: 15, 22, mwezi, miyezi iwiri kapena itatu. Kwa munthu wamkulu yosankha masiku ndiyo yabwino. Yotsatizana ija ili ndi msampha wake: poti mwalipira tsiku lililonse, mtima umawawa mukakhala osakwera, ndiye mumayamba kuyenda pofuna kubweza ndalama.

Tsiku la pasi limayamba pakati pa usiku mpaka 23:59, ndipo mumakwera sitima zambiri mmene mungathere. Choncho musawononge tsiku pa kaulendo ka mphindi 30. Gulani tikiti wamba pa makina kapena pa zenera. Komanso musanagule, onani mitengo ya matikiti ogula msanga pa maulendo anu. Ngati ndi maulendo awiri kapena atatu okha ndipo masiku ndi otsimikizika, matikiti wamba atha kutchipa kuposa pasi. Ubwino wa pasi ndi ufulu. Mukadzuka msana ukuwawa, mumakhala, n'kukwera ya masana kapena ya mawa popanda kutaya ndalama.

Nanga kalasi yoyamba? Ineyo ndimati ngati thumba likulola, iyi ndi ndalama yogwiritsidwa bwino kuposa hotela yapamwamba. Mzere umakhala ndi mipando itatu m'malo mwa inayi, malo a katundu sasowa, ndipo m'sitima zosafuna kubukitsa mpando simuima. Pasi imagulidwa kutatsala miyezi 11, ndipo eni ake amatsitsa mitengo nthawi zina pachaka, ndiye musapupulume.

Kubukitsa mipando

Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa. Pasi ndi tikiti, koma sitima zina zimafuna kuti mulipirenso mpando. Zimenezi ndi TGV za ku France, Frecciarossa za ku Italy, AVE za ku Spain, Eurostar, ndi sitima zonse za usiku. Ku Germany, Austria, Switzerland, Belgium ndi Netherlands, sitima zambiri mumangokwera n'kukhala pa mpando wopanda mwini. Ndi chifukwa chake pasi imakoma kwambiri m'mayiko amenewa.

Yambani ndi Eurostar, chifukwa mipando ya anthu a pasi ndi yowerengeka ndipo imatha msanga. Mtengo wake ndi cha m'ma mayuro 30 kupita m'mwamba ulendo umodzi. Fikani pa siteshoni kutatsala ola limodzi kapena ola ndi theka, poti mapasipoti ndi katundu amaziona musanakwere. Kenako bukitsani za usiku, kenako za ku France. Ngakhale ku Germany, komwe sakakamiza, lipirani kangachepe kosungitsira mpando ngati ndi Lachisanu kapena Lamlungu. Kuima maola atatu pafupi ndi chitseko si za msinkhu wathu.

Pali sitima zina zomwe pasi sigwirako ntchito: Italo ku Italy, Ouigo ku France, FlixTrain ku Germany. Sitima za pansi pa nthaka ndi mabasi a m'mizinda nazonso zili ndi matikiti awo. Sitima zina za kumapiri a Switzerland, monga yokwera ku Jungfraujoch, zimangokuchotserani mtengo pang'ono.

Pasi ya pafoni

Masiku ano pasi yambiri imakhala pafoni, mu pulogalamu yotchedwa Rail Planner. Mumaika nambala ya pasi ndi ya pasipoti, n'kusankha tsiku loyambira. Musanakwere sitima iliyonse, mumaifufuza m'pulogalamumo, kuionjezera pa ulendo wanu, n'kudina kabatani koiyatsa. Mukatero pamatuluka chizindikiro chomwe kondakitala amaunika ndi makina ake. Sitima yomwe simunaiyatse ili ngati mulibe tikiti, ngakhale pasi mwalipira. Mukasintha maganizo n'kukwera ina, ionjezereni musanaponde pakhomo.

Yeserani zimenezi kunyumba, mwana kapena mdzukulu ali pambali, mpaka chala chizolowere. Foni iyenera kumalumikizana ndi intaneti pafupipafupi kuti pasi isatseke, choncho tsegulani pulogalamuyo pa Wi-Fi ya hotela m'mawa uliwonse. Tengani batire yapadera yotchajira foni. Mapulagi a ku Ulaya ndi a mano awiri ozungulira, osiyana ndi a mano atatu a ku Malawi ndi ku Britain, ndiye gulani kosinthira. Ngati foni imakusowetsani mtendere, pasi yapepala ikadalipo. Amatumiza pa positi, choncho itanitsani msanga, ndipo mumalemba ulendo uliwonse ndi bolopeni musanakwere.

Sutikesi ndi mankhwala

Longedzani, kenako nyamulani sutikesiyo nokha mukwere nayo masitepe khumi. Mukalephera, chotsani katundu. Sitima zambiri, makamaka zakale ndi za usiku, zili ndi masitepe awiri kapena atatu aatali pakhomo, ndipo onyamula katundu kulibe. Sutikesi imodzi yaing'ono ya mateyala ndi kachikwama ka kumsana zakwana. Zovala za sabata imodzi, zina muzichapa. Nsapato zikhale zomwe mwayenda nazo kale, chifukwa misewu ya m'mizinda yakale ndi ya miyala, ndipo ku Venezia pafupifupi mlatho uliwonse uli ndi masitepe. Hotela ya kumeneko isankheni pafupi ndi siteshoni.

Mankhwala onse akhale m'kachikwama komwe sikachoka pathupi, m'mapaketi awo, ndi kalata ya dokotala yolemba mayina enieni a mankhwalawo, popeza mayina a pamsika amasiyana dziko ndi dziko. Tengani a sabata ina yoonjezera. Okhala ku Britain atenge khadi la GHIC, lolandirira chithandizo m'zipatala za boma za m'mayiko a European Union, koma lisalowe m'malo mwa inshuwalansi. Pasipoti ndi khadi la kubanki zikhale m'kathumba ka m'kati mwa malaya. Opisa m'matumba amakonda nthawi yokwera, pomwe manja anu onse ali pa sutikesi.

Musaiwale kamba. Madzi, buledi, zipatso ndi mtedza gulani pa siteshoni musanakwere, makamaka a shuga, chifukwa bogi yodyera nthawi zina imakhala yotseka. Ku Germany ndi ku Austria masitolo amatseka Lamlungu, koma a pa masiteshoni aakulu amagulitsa. Sungani ndalama zachitsulo, zimbudzi za pa siteshoni n'zolipira. Yuro sigwira paliponse: Switzerland ili ndi ndalama yake, chimodzimodzi Czechia, Hungary, Poland, Denmark, Sweden ndi Norway.

Pemphani thandizo, ndi laulere

Makampani a sitima ali ndi antchito othandiza anthu ovutika kuyenda. Amakuchingamirani, kukuperekezani ku bogi yanu, kuika kokwerera njinga ya olumala, ndi kukudikirani potsika. Ku Britain amati Passenger Assist, ku Italy Sala Blu, ku France Assist'enGare, ku Germany Mobilitätsservice-Zentrale. Lamulo la European Union limati muwadziwitse kutatsala maola 24, koma pa ulendo wodutsa malire ndi bwino kunena kutatsala masiku awiri. Akuluakulu athu ambiri amachita manyazi, amati "ine sindine wolumala". Woyendera ndodo, wa nyamakazi, wosaona bwino, onse ndi oyenera.

Tsiku la ulendo

Fikani kutatsala mphindi 30. Pa bolodi fufuzani nthawi ndi nambala ya sitima, chifukwa dzina lolembedwa ndi la komwe sitimayo ikathere, osati komwe inu mutsikire. Mayina ndi a chinenero cha eni dziko: Wien, München, Köln, Firenze, Praha. Hbf ndi siteshoni yaikulu ya mzinda ku Germany ndi ku Austria, ku Italy amati Centrale kapena dzina lake lapadera. Ku Venezia musatsikire pa Mestre. Yomwe ili m'madzi ndi Santa Lucia, mutawoloka mlatho wautali. Pulatifomu ndi Gleis pa Chijeremani, voie pa Chifalansa, binario pa Chitaliyana.

Ku Germany, Austria ndi Switzerland pulatifomu imagawidwa ndi zilembo A, B, C, ndipo bolodi imasonyeza pomwe bogi iliyonse iime. Kaimeni pamenepo sitima isanafike, kuti musadzakoke sutikesi m'mabogi asanu. Onaninso pakhomo la bogi komwe ikupita, chifukwa sitima zina zimagawika panjira, mutu kwina mchira kwina. Zitseko zimatsekeka nthawi isanakwane pang'ono, ndipo si minibasi yoti kondakitala aimitsa mukakweza dzanja. Yakusiyani, dikirani ina.

Pulogalamu ikakupatsani mphindi 6 zosinthira sitima, ikaneni. Dzipatseni mphindi 20 kapena 30, ndipo ku Germany, komwe sitima zamtunda wautali zimachedwa kawirikawiri, onjezerani. Chikepe nthawi zambiri chimakhala kumapeto kwa pulatifomu, pamakhalanso mzere wa anthu a njinga ndi a ana. Ku Paris nkhani ndi ina: masiteshoni ndi ambiri. Eurostar imafikira pa Gare du Nord, koma sitima za ku Lyon, Marseille, Switzerland ndi Italy zimanyamukira pa Gare de Lyon. Achinyamata amatsikira pansi kukakwera sitima ya mumzinda yotchedwa RER D, masiteshoni awiri okha. Inu kwerani takisi ya pamzere wovomerezeka kunja kwa siteshoni, musatsate munthu wokuitanirani m'kati, ndipo siyani maola awiri pakati pa sitima ziwirizo.

Za usiku

Sitima za Nightjet za kampani ya ku Austria ya ÖBB zimalumikiza Wien, Zürich, Hamburg, Amsterdam, Roma ndi mizinda ina. Pa pasi zimadya tsiku limodzi lokha, lonyamukira, bola musasinthe sitima pakati pa usiku patadutsa. Mpando wokhala musauganizire n'komwe. Tizipinda ta mabedi anayi kapena asanu ndi limodzi n'totchipa, koma bedi la m'mwamba limafuna makwerero, ndipo munthu wodzuka kawiri katatu usiku savutika pang'ono. Bukitsani chipinda chogona cha anthu awiri, mutchule bedi la m'munsi. Ngati tulo tanu n'topepuka, kamodzi kokha n'kokwanira, ndipo tsiku lotsatira musaikepo chilichonse.

Zikasokonekera

Sitima ikachedwa n'kukusemphanitsani ndi ina yosafuna kubukitsa, ingoyatsani yotsatira m'pulogalamu n'kukwera. Ngati yomwe mwaphonyayo munalipirira mpando, pitani ku zenera la matikiti kapena kwa kondakitala, muonetse pasi ndi umboni wa kuchedwako, akupezereni malo pa ina. Onaninso nkhani za sitalaka kutatsala tsiku, popeza ku France, Italy ndi Germany zimachitika, ndipo kawirikawiri amalengezeratu. Dzina la hotela, adiresi yake ndi nambala ya mwana wanu zilembeni papepala, lina m'chikwama cha bambo, lina cha mayi, ndipo mugwirizane kuti mukasiyana pakhomo la sitima, wokwerayo atsike pa siteshoni yotsatira n'kudikira pa pulatifomu pomwepo. Nambala ya ambulansi, polisi ndi ozimitsa moto m'mayiko onse a European Union, komanso ku Britain ndi ku Switzerland, ndi 112, ndipo kuimba kwake n'kwaulere.